Foloko ndi Mpeni Pakhomo la Nsima

Kuseri kwa msika wa Mtandire, mukangopitirira pamene amayi amagulitsa makala, pali kanyumba kena kodyeramo. Mwini wake amaphika nsima ya mgaiwa ndi yoyera yomwe, ndiwo zake nyemba, bonya, mpiru wotendera, ndipo kumapeto kwa mwezi mumapezako ya mbuzi. Ndadya pamenepo zaka zambiri ndithu. Tsono mwezi wathawu ndikufika masana, ndinapeza kuti chikwangwani chathabwa chimene chinali pakhomo achichotsa, m'malo mwake akolekapo chinsalu chapulasitiki chonyezimira, chosindikizidwa pamakina m'tauni. Pakati pa chinsalucho ajambulapo foloko ndi mpeni, zopingasana ngati mafupa aja timawaona pabotolo la mankhwala a makoswe.

Ndinalowa, mtsikana anandithira madzi m'manja, ndinatema mbamu yanga n'kumadya ndi manja monga aliyense amene anali pabenchipo. Ndinaunguza uku ndi uku, foloko osaiona. Mpeni unalipo umodzi wokha, wosendera anyezi kuseri. Ndiye ndinafunsa:

"Mayi, nanga foloko ili pakhomo ija mwaisunga kuti?"

Iwo kuseka. "Aaa, inunso bambo! Wakonza pakompyuta ndi mwana wa achemwali anga. Akuti chimenecho ndiye chizindikiro cha malo odyera dziko lonse lapansi."

Dziko lonse lapansi, abale! Kodi ife a ku Mtandire tinasamukira kumwezi liti?

Ndiulule msanga wina asanandiulule: ine ndine wolemba zikwangwani, ndipo thabwa limene analichotsalo ndinalemba ndine, mthiko ndi chipande pambali pa mphika wofuka nthunzi. Choncho amene akufuna kunena kuti izi ndi nsanje za mdala amene makina amulanda ntchito, anene, pakamwa m'pake. Kansanjeko kalipo pang'ono, sindikana. Koma nkhani imene ndabwera nayo patsamba lino ndi yoposa thabwa langa.

Masiku ano kwabwera kajambulidwe kamene anyamata a malaputopu amakatcha minimalism. Akuti chithunzi chabwino n'chopanda zambirimbiri: utenge chinthu chimene anthu amachiona tsiku ndi tsiku, uchichotse mithunzi, mawanga ndi zokometsera zonse, mpaka patsale mizere iwiri itatu yoti munthu akangoponya diso adziwe kuti ichi n'chakuti. Amalankhula ngati nzeru imeneyi yatsika dzulo pandege ku Lumbadzi. Ine mfundoyo ndilibe nayo mlandu, ndipo ndikuonetsani kuti ndi yathu yomwe kuyambira makolo. Mlandu wanga ndi wakuti ambiri mwa anyamatawa sachepetsa kanthu ayi. Amangotsegula intaneti, n'kutola tizithunzi timene wina anachepetsa kale kwawo, poyang'ana zinthu zakwawo, n'kudzatimata pamakoma athu.

Ntchito imeneyi ndinaiphunzira kwa amalume anga ku Kawale m'zaka za m'ma 1980. Tsiku loyamba sanandipatse bulashi. Anandipatsa choko ndi chidutswa cha bolodi, n'kutsamiritsa khasu kukhoma. "Jambula." Ine pofuna kuonetsa luso ndinajambula zonse: timizere ta mtengo wa mpini, dzimbiri, dothi lokakamira, ngakhale mthunzi wake pansi. Iwo anangoyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, penti ndi ndalama. Zonsezi alipira ndani? Fufuta." Ndinafufuta mthunzi. "Fufutanso." Dzimbiri linapita, dothi linapita. "Fufutanso." Pamapeto ndinafufuta kutupa kuja kwa kumutu kwa mpini, pamene pamalowa msuka, kuti mpini ukhale mzere umodzi wowongoka bwinobwino. Apo ndiye anandigwira dzanja.

"Basi, wapha khasu. Chatsalacho n'cha azungu chopalira maluwa. Bwezera mutuwo."

Mutu umenewo ndiwo umalemeretsa khasu kuti lilowe m'nthaka, ndiwonso mlimi amaumenyetsa pamwala akafuna kukhwimitsa msuka. Amene analimapo sangauiwale. Amene sanalimepo amauona ngati chotupa chosafunika, ndiye pochepetsa amayamba kuchotsa chomwecho.

Chinthu chilichonse chili ndi pamene pagona moyo wake. Mbaula mukaichotsa zibowo zapakati ndi kakhomo kotulutsira phulusa, mwajambula ndowa. Mtondo mukauchotsa chiuno, mwajambula mgolo. Mthiko ndi chipande zimasiyana pa kanthu kamodzi, wina ndi wophwatalala pomwe china ndi chokumba, koma tayesani kusokoneza ziwirizi pachikwangwani muone mmene amayi akusekereni msika wonse. Lichero lopanda timizere tinayi topingasana toonetsa kuluka ndi mbale chabe, mwinanso mwezi. Chigubu chimadziwika ndi chogwirira chapamwamba ndi chitsekerero chokhala pakona. Kuchepetsa mizere ndiko kusankha chotaya, ndipo sungadziwe chotaya pa chinthu chimene sunachinyamulepo pamutu.

Tsono tayendani mu Lilongwe muno muone zimene atimatira. Pachipepala cha ngongole za alimi pali thirakitala, m'dziko limene chimanga chambiri chimalimidwa ndi khasu lomwe lija. Pa butchala pali ng'ombe yopanda linunda, yonenepa ngati ya pachitini cha mkaka. Nyumba ili ndi chumuni chofuka utsi padenga. Msika ndi kangolo kamawilo ka m'masitolo akuluakulu, kamene m'matope a Mtandire nthawi yadzinja sikangayende mamita awiri. Ndalama ndi kathumba kolembedwa chizindikiro cha dola. Banja ndi bambo, mayi, ana awiri, mwinanso kagalu. Agogo, ana a malemu achimwene ndi mlamu wodzafuna ganyu m'tauni sakwanamo, akuti adzaza chithunzi. Ndiye pochepetsa mizere achepetsa ife amene.

Ndanena kuti nzeru yochepetsayi ndi yathu. Amene akukayika akwere basi ya ku Dedza akaone mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira, zimene akatswiri amati anajambula ndi Akafula, n'zozungulirazungulira, timizere ndi timadontho. Zoyera anajambula ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina zokhudza gule. Nyama imaoneka ngati chikopa choyanikidwa: miyendo inayi, mutu, mchira, kwatha. Ubweya palibe, maso palibe, nkhalango kumbuyo palibe. Anthu amenewa anali ndi dothi loyera ndi chala basi, koma ankadziwa kuti namwali amene akulangizidwayo azindikira chimene akuona, poti wojambula ndi woona ankamwa chitsime chimodzi.

Kapena tisapite kutali choncho. Inu amene munalipo pa 14 Juni 1993, tawauzani anawa zimene zinachitika. Dziko lonse linafunsidwa funso lolemera, loti tikhale ndi chipani chimodzi kapena zipani zambiri, ndipo funsolo linaikidwa m'zithunzi ziwiri: tambala wakuda ndi nyali. Tambalayo aliyense ankamudziwa, poti kuwonjezera pa kulira pakhomo m'bandakucha, ankakhalanso m'thumba mwathu pakandalama ka 1 tambala kuyambira pamene kwacha inabwera mu 1971. Nyaliyo inali yagalasi. Ine ndinajambula zonse ziwiri chaka chimenecho, tambala masana, nyali usiku, nthawi zake mukuzidziwa inu. Nyali imafuna zinthu zinayi zokha: waya wonyamulira, galasi lotupa pakati, timipope tiwiri ta m'mbali, ndi kathanki ka palafini pansi. Mukachotsapo chimodzi, yasanduka botolo.

Ndipo taonani kuchenjera kwa amene anaisankha. Sanatenge koloboyi, ngakhale kuti m'nyumba zambiri munkayaka koloboyi. Koloboyi imazima ndi kamphepo kolowera pazenera, imadetsa mphuno ndi mwaye. Nyali yagalasi umatha kutuluka nayo panja usiku kuli mphepo, umaperekeza nayo wodwala, umaika pamaliro. Sanatengenso babu lamagetsi, limene kumudzi ambiri ankangolimva. Anatenga chinthu chimene munthu wosauka ankachidziwa, ankachikhumba, ndipo ankatha kuchigula akagulitsa mtedza. Anthu oposa 63 mwa 100 aliwonse anaponya nyali. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anaponya tambala, ndipo nawonso ankadziwa chimene akuponya. Agogo anga kumudzi sanapondeko pakhomo la sukulu, koma sanafunse munthu kuti pepala ili likutanthauza chiyani. Chimene anaponya sanandiuze mpaka anamwalira. Kuyambira pamenepo zipani zathu zaphunzira phunziro lomwelo: manja ogwirana, zisononkho za chimanga zosasenda maso, loko ndi kiyi wake. Andale akafuna voti yanu amadziwa bwino kujambula zinthu za pakhomo panu. N'chifukwa chiyani amene akufuna kupulumutsa moyo wanu sadziwa?

Wina anena kuti mdalayu amadana ndi zakunja. Iyayi. Akunja amene anayambitsa ntchito imeneyi m'mabuku anali anthu oyang'ana, ndipo akanachita manyazi ndi ophunzira awo a masiku ano. Ku Vienna m'zaka za m'ma 1920, Otto Neurath anafuna kuti anthu apantchito amene sanapite patali ndi sukulu azimvetsa ziwerengero za nyumba, matenda ndi malipiro. Iye ndi mmisiri wina dzina lake Gerd Arntz anakonza tizithunzi tosavuta tambirimbiri, kamunthu kamodzi kuimira anthu akutiakuti. Neurath atamwalira mu 1945, mkazi wake Marie anapitiriza ntchitoyo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anaitanidwa kumadzulo kwa Nigeria kukakonza timabuku tofotokozera anthu za sukulu ndi za chipatala. Mayiyu sanangotumiza tianthu ta ku Ulaya pa positi. Anakwera ulendo, anakaona mmene anthu amavalira ndi mmene amamangira nyumba, n'kujambulanso tianthuto titavala zakomweko. Nayenso Margaret Calvert, amene anajambula nawo zikwangwani za pamsewu za ku Britain zimene zinayamba kugwira ntchito mu 1965, pojambula ng'ombe anakumbukira ng'ombe yeniyeni ya pafamu ya abale ake, yokhala ndi dzina lake, Patience. Ng'ombe yake ilibe linunda chifukwa ya kwawo ilibe. Iye sanalakwe. Wolakwa ndi mwana wa ku Mitundu, amene anakula akuweta ng'ombe za malinunda, koma pojambula amakabwereka ya eni ake.

Ngakhale tianthu tija ta pakhomo la chimbudzi tili ndi kwawo. Tinafala dziko lonse pambuyo pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 1964, chaka chimene ife tinalandira ufulu, pamene eni dziko anafuna njira yolankhulira ndi alendo osadziwa kuwerenga Chijapani. Vuto linali lenileni ndipo yankho linali lanzeru. Koma ndimaseka ndikakumbukira kuti kamayi kaja kamavala siketi yolekeza m'mawondo, pamene kuno lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi masiketi aafupi ndi mathalauzi mpaka nthawi ya matipate. Kakanakhala kamunthu kenikeni, kakanagona m'chitokosi. Izi n'zongoseka. Zimene ndikufuna kunena tsopano sizoseketsa.

Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Ife kuno sitinaimve pawailesi, tinaiona ndi maso. Madzi timagula pakiyosiki, ndipo mpopi ukauma anthu amatsikira kuzitsime zosavindikira ndi kumtsinje wa Lingadzi. M'masiku amenewo bungwe lina, dzina ndisunge, linabwera ndi galimoto yoyera n'kumata mapepala pamakoma. Anali okongola, ndisaname. Pepala lokhuthala losalowa madzi, utoto wabuluu pa zoyera, tizithunzi tinayi toyera bwino m'timabwalo tinayi. Koyamba kanali mpopi wa pasinki ya m'nyumba. Kachiwiri chimbudzi chamadzi chokhalira, chojambulidwa cham'mbali. Kachitatu botolo la sopo wamadzi lokhala ndi kapampu pamwamba. Kachinayi tambula yagalasi, dontho limodzi likugwera m'kati.

M'mawa wina ndinaima pakiyosiki, pamzere wa zigubu, ndinaphimba mawu ndi dzanja n'kumafunsa amayi mmodzimmodzi kuti akuona chiyani. Mpopi anaudziwa onse. Botolo lija atatu anati ndi mafuta odzola. Chimbudzi, mayi wina wachikulire anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kaya, bambo, mwina ndi chigayo cha nyama." Atsikana amene amagwira ntchito m'nyumba za ku Area 47 anachizindikira msanga, poti amachitsuka tsiku lililonse, ndipo anaseka: "Chimenecho n'cha kwa abwana." Koma chimene chinandiopsa ndi tambula ija. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa muyeso wa mankhwala oteteza madzi pa ndowa ya malita 20, chifukwa madzi kuno amasungidwa m'ndowa ndi m'zigubu. Pepala linkaonetsa tambula ndi dontho. Mayi wina anati ndiye kuti uzithira dontho m'kapu iliyonse ukamamwa. Wina anati ayi, akunena kuti madzi akusowa tizimwa pang'ono. Anakangana mpaka mzere unasuntha.

Mwana wa aneba anga, wa zaka zinayi, tinakamuika mwezi womwewo. Sindikunena kuti linamupha ndi pepala. Anamupha ndi madzi, ndi umphawi umene umatimwetsa madzi oterowo. Koma pepala lija linadya ndalama zoti lichenjeze mayi ake, ndipo linakhala pakhoma pafupi ndi khomo lawo ngati mlendo wovala bwino amene sadziwa chinenero cha eni mudzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi aliwonse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Chithunzi chimaikidwa pakhoma chifukwa cha iwowo. Chikalephera kwa iwo, chalephereratu, ngakhale chitakongola chotani.

Ndipo sikuti zoyenera kujambula zinali zovuta. Ndowa yokhala ndi chivindikiro: mizere isanu. Chimbudzi chokumba, bowo lake litatsekedwa ndi kathabwa kachogwirira: mizere isanu ndi umodzi. Mpondagiya, kachigubu kolendewera pamtengo ndi chingwe chopondera, kamene mwana aliyense wa pulayimale amakadziwa. Kachidutswa ka sopo, pambali pake mulu wa phulusa kwa amene alibe sopo. Ndinazijambula pampanda wanga ndi penti yotsala ya pa okala ina, ndipo palibe anaima kundifunsa kuti n'chiyani. Zinalinso minimalism yomweyo, ngati dzinalo likukukomerani.

Ndikudziwa chimene anyamata ayankhe, poti ena andiyankha kale pamaso. Amati, "Madala, anthu amaphunzira. Mdzukulu wanu sanaonepo telefoni yakale ya chogwirira chokhota, koma akaona kachizindikiro kake pafoni amadziwa kuti n'koimbira. Sanalandirepo kalata ya muenvelopu, koma amadziwa kuti pamenepo pali uthenga." Zoona zimenezo, sindingatsutse. Koma kachizindikiro ka pafoni amakaona kambirimbiri patsiku, amakadina, akalakwitsa amabwerera, palibe wafa. Pepala la kolera limaonedwa kamodzi, ndi mayi amene wasenza malita 20 pamutu, mwana kumsana, wina akumukoka chitenje. Lili ndi nthawi ya kuphethira kuwiri. Mukufuna mayi ameneyu ayambe sukulu ya zizindikiro zanu mliri uli pakhomo?

Yankho lachiwiri ndi limene limanditentha mtima. Amati kujambula chimbudzi chokumba ndi mbaula n'kudzinyoza, n'kuonetsa dziko ngati losatukuka. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chithunzicho sichijambulidwira mayi wa pakiyosiki. Chimajambulidwira bwana wa muofesi ku City Centre amene asaine cheke, ndi ena a kutsidya kwa nyanja amene adzachione mulipoti n'kugwedeza mutu kuti ntchito ikuyenda. Amenewo chimbudzi chawo n'chamadzi, sopo wawo ndi wapampu, ndiye pepala likafika patebulo lawo amalimva msangamsanga n'kuvomereza. Mayi uja sakhalapo pamsonkhano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pano chitseko akutsekula ndi amene m'mimba mwawo muli zii.

Matenda ofuna kujambula chitukuko chisanafike si a anyamata okha. Mbendera yathu ya 1964 ili ndi theka la dzuwa lofiira likutuluka pa zakuda. Mu Julaye 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha, n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, ponena kuti dziko latukuka, sikulinso m'bandakucha. Chaka chotsatira anthu anali kugona pamizere ya mafuta a galimoto pansi pa dzuwa lathunthulo. Mu Meyi 2012, Joyce Banda atalowa, nyumba ya malamulo inabwezeretsa mbendera yakale. Zaka ziwiri dziko likukangana za theka la bwalo! Ndiye munthu asandiuze kuti tizithunzi ndi nkhani yaing'ono ya ana a sukulu. Mpopi wa pasinki pakhoma la Mtandire ndi dzuwa lathunthu lomwelo.

Tsono ndisadziyeretse. Ife a bulashi tili ndi machimo athu, ambirinso. Tadzaza malo ometera ndi mitu ya oimba a ku America imene tinakopera m'magazini, mwina ndife tinayamba kubwereka nkhope za eni. Tajambula mikango pa mabotolo sitolo popanda chifukwa. Talemba Chingerezi chothyoka chimene alendo amachijambula n'kumakaseka kwawo. Ena mwa ife akalandira ndalama ya penti amayamba kaye kwa chibuku, mizere n'kumatuluka yokhota. Ndipo makina ndi abwino: mzere wake ndi woongoka, akhoza kutulutsa mapepala 1,000 ofanana tsiku limodzi, pamene ine dzanja layamba kunjenjemera. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko ndakalandira. Chimene ndikukana n'chakuti wometayo azimeta atatsinzina.

Pempho langa kwa aphunzitsi a zojambula ku yunivesite ku Zomba ndi m'makoleji a ntchito zamanja ndi laling'ono. Mwana asanatsegule laputopu, mutumeni kumsika ndi pensulo. Akakhale pansi pafupi ndi osula zidebe, ajambule mbaula makumi awiri, afufute, ajambulenso, mpaka adziwe yekha mzere umene ukachoka mbaula imafa. Akajambule njinga ya kabaza ndi khushoni yake ya kumbuyo, chiwaya cha tchipisi, thumba la makala losokedwa ndi luzi pamwamba, beseni la tomato, mjigo. Zinthu zimenezi pa intaneti simuzipeza zojambulidwa bwino, chifukwa amene anayenera kuzijambula ali kalikiliki kukopera foloko. Ndipo kwa mabungwe amene amasindikiza mapepala a zaumoyo: musanawononge ndalama, tengani pepala limodzi, mufike nalo pakiyosiki 5 koloko m'mawa, muphimbe mawu, mufunse amayi khumi. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Sizifuna wekishopu ya ku Salima, sizifuna alawansi. Zimafuna nsapato zosaopa matope.

Za kanyumba kodyera kaja, nkhani yake sinathe. Mnyamata amene anakonza chinsalu anamva kuti ndakhala ndikumunena, ndiye Loweruka lina anabwera kwathu, laputopu m'chikwama, nkhope itakwinyika. Ndi mwana waulemu ndithu, anagwada popereka moni, koma mawu ake anali olimba.

"Madala, akuti mukunyoza ntchito yanga."

"Khala pansi, mwana wanga. Nsima unadya liti komaliza?"

"Dzulo usiku."

"Ndi foloko?"

Sanayankhe. Ndinalowa m'nyumba, ndinabwereka chipande kwa mayi a kunyumba, ndinachiika pampando, n'kumupatsa choko ndi bolodi lija la amalume, limene ndikusungabe. Anajambula mofulumira, mzere wake woyera kuposa wanga, ndivomere. Tinanyamula bolodilo mpaka kumsika, kwa azakhali ake amene anali kupakula nsima ya masana. Iwo anapukuta manja pachitenje, anayang'ana, n'kunena kuti:

"Supuni yabwino. Koma ine sindigulitsa phala."

Mnyamatayo anatenga chipande chenicheni chimene chinali m'beseni la madzi, anachitembenuza uku ndi uku, anayeza kukula kwa mutu wake ndi chikhatho, anaona kufupika kwa chogwirira. Kenaka anafufuta bolodi ndi mkono wa malaya ake oyera, n'kukhala pa thumba la makala kuyambiranso. Ine ndinaitanitsa ya nyemba.